Gemu ya Mazira ya Achemwali Anga

Nkhani ya gemu ya achemwali anga imakambidwa m'njira ziwiri m'banja mwathu, ndipo njira imene imamveka kwambiri ndi yabodza. Ine ndinalipo kuyambira tsiku loyamba, ndiye ndikamba mmene zinayendera.

Achemwali agwira ntchito pashopu yosindikiza zinthu kuyambira ali mtsikana. Ndi shopu yaing'ono kuseri kwa depoti ya mabasi, pakati pa ometa ndi ogulitsa matayala akale. Amasindikiza makhadi a ukwati, mabanela a mipingo, matisheti a masukulu. Mwini shopu amangobwera madzulo kudzasuzumira, woyendetsa zonse ndi achemwali. Ndi iwo amadziwa kuti ntchito ya yani iyambe, ya yani idikire, inki ithera pati, ndipo kasitomala uti akati "mawa" akunenadi mawa. Kwathu iwo ndi oyamba kubadwa, ine womaliza. Mayi atayamba kudwaladwala, achemwali anasiya maganizo opita ku koleji n'kutilera tonse. Choncho ndikamati amadziwa kulongosola zinthu, sikuti ndikuwakometsera poti ndi akulu anga.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti achemwali angawa, mayi wa mapasa a ku sekondale ndi imvi zoyamba m'mbali mwa makutu, ndi chidakwa cha magemu. Anayamba ndi kagemu ka pafoni yawo yoyamba ya mabatani ija, ndipo sanasiye. M'basi amasewera, pa nkhomaliro amasewera, podikira makina kuti amalize kusindikiza amasewera. Koma ankadandaula kuti magemu onsewa ndi a asilikali, zilombo zolavula moto ndi magalimoto othamanga m'misewu yopanda maenje. "Mulibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ndingakumane naye panjira," ankatero.

Tsiku lina masana ndinapita kushopuko kukatenga chikwangwani cha saluni yanga, poti ine ndimaluka tsitsi. Tili chiimire pakhomo, tinaona mayi wina akuwoloka msewu atadendekera mathireyi a mazira osanjikiza, manja onse awiri ali ndi majumbo. Basi inabwerera m'mbuyo osaliza hutala, iye anapatuka. Wawilibala anatulukira uku, iye anapinda chiuno. Galu anamudutsa m'miyendo. Msewu wonse unasiya zochita, ometa lumo lili m'mwamba, mpaka mayiyo anafika tsidya lina dzira ndi limodzi lomwe osagwa. Achemwali anandifinya mkono mpaka kundipweteka.

"Waona? Imene ija ndiye gemu."

Ine ndinaseka, ndinkayesa nthabwala. Koma achemwali akanena chinthu kawiri ndiye kuti chayamba. Kulemba pulogalamu ya pakompyuta sankadziwa, kujambula ngakhale nkhuku sangathe, ndipo sanabise. Chimene ankadziwa ndi anthu. Panali bambo wina amene ankabwera kudzakonza makompyuta a pashopupo akavuta, tonse tinkangomutchula kuti Magalasi. Ankagwira ntchito ku ofesi ya inshulansi, koma mu laputopu yake munali magemu ambirimbiri amene anawayamba yekha n'kuwasiyira panjira. Winanso anali Burashi, wolemba zikwangwani za mashopu a mumsewu womwewo, munthu wosalankhulalankhula, wa zikhadabo zosatha penti, amene anali atangophunzira kujambula pa tabuleti.

Anayamba kukumana Loweruka masana m'kachipinda ka kuseri kwa shopu, atakhala pa mitolo ya mapepala. Tsiku loyamba anakambirana chinthu chimodzi chokha: gemuyo ikhale yaing'ono bwanji. Magalasi anabwera ndi maganizo odzadza thumba. Ankafuna mvula, matope, mzinda wathunthu, mayiyo azitha kumanga nyumba akagulitsa mazira.

"Achimwene, magemu munayamba aja, mwamaliza angati?" anafunsa achemwali.

Magalasi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Ndiye iyi timaliza. Mayi mmodzi, msika umodzi, magawo atatu. Mvula idzagwa mu gemu yachiwiri."

Anang'amba katoni ya firiji n'kuikhomera kukhoma, n'kuigawa patatu: zoti tichite, zomwe tikuchita, zatheka. Ntchito iliyonse ankailemba pa kapepala kakekake n'kukamata pamenepo, ndipo munthu sankaloledwa kutenga kapepala kachiwiri koyamba kasanafike ku zatheka. Loweruka lililonse pankayenera kukhala chinthu choti munthu angagwire n'kusewera, ngakhale chonyansa. Burashi anauzidwa kuti asajambule kanthu kaye. Choyamba Magalasi apange kabokosi koyenda kosenza timipira, aone ngati n'kosangalatsa. "Ngati bokosi silikukoma," anatero achemwali, "ngakhale mulipake zodzoladzola silidzakoma."

Apa ndi pamene ine ndinalowa. Ankandiikira kagemuko pafoni, ine n'kumapatsa makasitomala anga pamene ndikuwaluka. Munthu wolukitsa tsitsi lalitali amakhala pampando nthawi yaitali, alibe kothawira. Ndife tinatulukira kuti azimayi a zikhadabo zoikirira sankatha kudina timabatani ta pasikirini. Achemwali atamva anati mabatani achoke, munthu azingopendeketsa foni uku ndi uku ngati akudendekera yekha. Phokoso la msika anakalitola okha ndi foni yawo, ndipo kulira kwa dzira likamasweka tinakujambulira mu beseni la kusaluni, mapasa n'kudya zotsalazo. Tsiku limene kasitomala wina anakuwa kuti "Mayo, mazira anga!" n'kudzuka pampando ine ndili chigwirire tsitsi lake, ndinadziwa kuti chinthuchi chili ndi moyo.

Mavuto analipo. Magetsi a mumsewu umenewo amazima mmene afunira, ndipo laputopu ya Magalasi inali yokalamba, yotentha ngati simbi, yosasunga moto. Kenako mwini shopu anayamba kung'ung'udza kuti kuseri kwake si kalabu. Amuna awo a achemwali, amene tonse timawatchula kuti bambo a mapasa, anakaitula nkhaniyi kwa akulu awo. Sanachite ndi mtima woipa, bambo a mapasa ndi munthu wofatsa. Kufatsa kwawoko ndi kumene kunatipweteka.

Akulu awowo ali ndi shopu ya zipangizo zomangira, malole, ndi nyumba yosanja imene pamwamba pake pali maofesi. Kumbali timawatchula kuti a Masomphenya, chifukwa sangamalize chiganizo osanena mawu amenewo. Anakhalapo ndi masomphenya a maiwe a nsomba, a sukulu yoyendetsa galimoto, a madzi a m'mabotolo. Chilichonse chinkayamba ndi chikwangwani chachikulu n'kuthera m'manja mwa wachibale wina amene ankatsala akufotokozera anthu. Atamva za gemu anaimba foni tsiku lomwelo. Pali chipinda chopanda ntchito pamwamba, jenereta ilipo, makompyuta a sukulu yoyendetsa galimoto ija akungodya fumbi. Bwerani, ndi kwanu kuno.

Achemwali anazengereza. Ine ndinawauza mosabisa kuti asapite. Koma bambo a mapasa anawanyengerera. "Achimwene akungofuna kuthandiza. Mukakana, ine ndiziwayang'ana bwanji?"

Kunena zoona, chipindacho chinali chabwino: mawindo aakulu, mipando yozungulira, fani ya kudenga. Masabata oyamba ntchito inathamanga. Burashi anajambula mayi wa mazira wa khosi lolimba ndi nsapato zakutha chidendene, moti aliyense womuona ankati akumudziwa. Gawo loyamba linatheka, lachiwiri linatsala pang'ono.

Ndiye Loweruka lina a Masomphenya anakwera masitepe kapu ya tiyi ili m'manja. Ine ndinalipo, ndinabweretsa madandaulo a makasitomala. Anaima kumbuyo kwa Magalasi n'kuonerera kanthawi.

"Ndiye basi? Mazira?"

"Eya alamu, mazira," anayankha achemwali.

"Mulamu, ine ndikuganiza za dziko lonse lapansi. Mwana wa kunja asiye mfuti azisewera mazira? Ikanimo akuba. Azimuthamangitsa."

Akuba analowa. Sabata yotsatira anati akuba opanda mfuti si akuba. Kenako anati mzimayi sangalimbane ndi akuba a mfuti, ndiye asinthidwe akhale mwamuna wa minofu, nayenso ndi mfuti yake. Kenako lole, yolembedwa dzina la shopu yawo m'mbali, izidutsa mumsika. Burashi anaijambula loleyo mobwerezabwereza chifukwa dzinalo silinkakula mokwanira. Pamapeto pake anati anthu azitha kupikisana pa intaneti, wina ali kwawo wina ali kwawo, poti mwana wa mnzawo anawauza kuti magemu enieni amatero.

Achemwali sanangokhala chete. Anawatengera pa katoni ija, imene tinasamuka nayo.

"Alamu, onani. Ogwira ntchito tilipo atatu, ndipo tonse tili pa ntchito kwina. Tikaika lole, tichotse chiyani?"

"Kuchotsa? Ine sindichotsa, mulamu, ine ndimawonjezera. Vuto lanu ndi lomweli, mumaganiza ngati munthu wa kuseri kwa depoti."

Ulendo wotsatira katoniyo anaipeza pa mulu wa zinyalala pansi pa masitepe, timapepala titamwazika. A Masomphenya ati inkadetsa khoma. Pamalo pake panali bolodi loyera latsopano, pamwamba atalembapo ndi zilembo zikuluzikulu mawu amodzi okha: MASOMPHENYA.

Chimene chinawapweteka kwambiri achemwali si katoniyo ayi. Ndi Magalasi. Munthu amene anamutola ndi magemu ake osamaliza uja anayamba kuvomera chilichonse. Anauzidwa kuti adzakhala mkulu wa zaukadaulo kampani ikadzakula, ndipo matenda ake akale okonda zazikulu anadzuka. "Mayi, tiyeni tiyese, mwina zitheka," ankatero, osawayang'ana m'maso. Kunyumba nako nyimbo ya bambo a mapasa inali imodzi: ingowamverani, ndi aakulu, chipinda ndi chawo. Achemwali anatsala okha. Anaganiza kuti akapirira, akagawa bwino ntchito, mwina zonse zilowa. Pamenepo analakwitsa, ndipo ndinawauza.

Kenako kunabwera za makhadi. A Masomphenya anatuma dalaivala wawo kushopu yosindikiza ndi maina ndi maudindo a anthu a "kampani". Iwo: Woyambitsa ndi Mkulu wa Kampani. Magalasi: Mkulu wa Zaukadaulo. Burashi: Wojambula. Achemwali: Wothandiza. Tangoganizani! Munthu amene anaiona gemuyo mumsewu, amene anasonkhanitsa anthuwo mmodzimmodzi, anakhala pa kompyuta n'kutaipa yekha mawu akuti Wothandiza pansi pa dzina lake, n'kusankha mtundu wa zilembo, n'kudula makhadiwo bwinobwino m'mbali, chifukwa ntchito ya kasitomala saiononga. Nditaliona khadilo ndinafuna kulitafuna.

"Achemwali, zoona mwasindikiza izi?"

"Ndi pepala chabe. Bola gemu ithe."

"Gemu yake iti? Mayi wa mazira ali kuti?"

Anamanga makhadiwo ndi kalamba ka mphira n'kuwaika m'bokosi.

Burashi ndiye sanapirire. Tsiku lina anauzidwa kuti, poti ndi wa kampani, atsike akapake penti geti la shopu ya zipangizo, mwaulere. Anatsika masitepe, anadutsa getilo osaliyang'ana, ndipo sanabwerenso. Zithunzi zotsala anazimaliza Magalasi potolatola za pa intaneti, moti mwamuna wa mfuti uja miyendo inali ya munthu wina, mutu wa munthu wina.

Tisanapume, tinamva kuti a Masomphenya alembetsa kale gemuyo ku chionetsero cha zaukadaulo chimene chinkachitika kumapeto kwa mwezi womwewo, osafunsa aliyense. Achemwali anawapempha, ine ndikumva, kuti akaonetse gemu yaing'ono ija ya mayi, imene inkayenda bwino ndipo anthu anali ataiyesa. Yatsopanoyi panalibe munthu amene anaisewerapo kuchokera poyamba mpaka pomaliza.

"Alamu, ikakuchititsani manyazi."

"Manyazi ndi kukaima pamaso pa mabwana ndi mazira," anatero iwo.

Chionetserocho chinali mu holo ya hotela ina, matebulo m'mbali, mipando pakati, kutsogolo sikirini yaikulu. Kuseri kwa tebulo lathu kunali banela ya nkhope ya a Masomphenya atapinda manja pachifuwa, yosindikizidwanso ndi achemwali. Iwo anauzidwa kuti akhale patebulopo azigawa timapepala ndi kuyang'anira zikwama. Ine ndinatseka saluni kuti ndiwaperekeze.

Nthawi yathu itakwana a Masomphenya anakwera pansanja ndi suti yonyezimira. Analankhula za ubwana wawo, za mmene maganizo a gemu anawabwerera ali m'galimoto, za achinyamata amene akufuna kuwatukula. Dzina la achemwali silinamveke. Kenako anakodola Magalasi kuti ayatse.

Poyamba zinayenda. Mwamuna wa minofu uja anatulukira mumsika, mfuti m'manja, mathireyi a mazira pamutu, ndipo ena anayamba kale kuseka chifukwa palibe anamvetsa kuti msilikali akupita kuti ndi mazira. Akuba anatuluka. Lole inalowa. Itangofika pakati pa msika inaima n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi ngati fani. Mwamuna uja anamira m'nthaka mpaka m'chiuno, mazira anakwera kumwamba limodzilimodzi, kenako chilichonse chinauma gwa. Pasikirini panatsala dzina la shopu ya zipangizo, lili chadodolido. Holo yonse inafa ndi chiseko.

Magalasi anali kudinadina, thukuta lili kamukamu. A Masomphenya anadikira kuti chiseko chitsike, anamwetulira, n'kuyandikitsa maikolofoni pakamwa.

"Pepani mabwana ndi madona. Ine ndinapereka masomphenya, koma kuyang'anira ntchito ndinasiyira mayi ali patebulo apowo, alamu anga. Ndinati ndiwathandize, ndi achibale. Koma mukudziwa nokha, azimayi ndi makompyuta..." Anatambasula manja.

Mitu yonse inatembenuka. Ena anasekanso. Achemwali anali chiimire ndi timapepala m'manja, pachifuwa pali khadi lija la Wothandiza.

Ine sindidziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangodzimva ndikukuwa. "Bodza! Bodza lenileni! Anakuuzani kuti sinathe, inu munakana! Lole ndi yanu, mfuti ndi zanu, dzina lazondoka apolo ndi lanunso!" Mlonda anayamba kubwera. Achemwali anandigwira dzanja, sanandikalipire, anangoti, "Tiye." Anaika timapepala patebulo mosamala, anavula khadi n'kuliika pamwamba pake, anatenga chikwama chawo chokha, zinazo n'kuzisiya zopanda woyang'anira, ndipo tinatuluka. M'basi sanatulutse n'komwe foni kuti asewere.

Mukuganiza kuti amene anaitanidwa kukayankha mlandu anali ndani? Lamlungu lotsatira tinaitanidwa kwa apongozi awo a achemwali, mayi obala a Masomphenya ndi bambo a mapasa. Pabalaza panadzaza, ena atakhala pa mikono ya sofa, kanema atazimitsa. Mlandu wake unali wakuti mwana wamkulu wa pakhomopo wachititsidwa manyazi pagulu ndi mkazi wa mng'ono wake, amene anamuthawa pa nthawi ya mavuto, komanso ndi kamtsikana kopanda mwambo kamene kanakuwa ngati kali pamsika. Kamtsikanako ndine, mayi wa ana anga ndi saluni yanga. Za mawu amene ananenedwa pa maikolofoni palibe anazitchula. Nditazitchula ine, azakhali ena anati, "Aaa, ija inali nthabwala chabe. Mwamuna akapanikizika amalankhula."

"Mungopepesa basi, nkhani ithe," anatero apongozi. "Anakupatsani chipinda, anakupatsani magetsi."

Ndinayang'ana bambo a mapasa. Munthu amene ankadziwa mmene mkazi wake anavutikira ndi gemu imeneyi, maso anali pa kapeti ngati wataya singano. Mpaka lero ndikakumbukira khosi lowerama lija mtima umandiwira kuposa ndikakumbukira maikolofoni.

Achemwali analankhula motsitsa, manja ali pamiyendo. "Amayi, chipinda ndi magetsi ndinathokoza, ndipo ndikuthokozanso pano. Mng'ono wangayu anakuwa, ndamulankhula. Koma kuti ndipepese chifukwa chonyozedwa pamaso pa anthu, pamenepo mundikhululukire, sinditha."

A Masomphenya anadzuka, makiyi a galimoto akulira m'manja. Anati ngati zili choncho gemuyo ndi yawo poti inapangidwira pa makompyuta awo, chipinda atseka, ndipo aliyense wokwera masitepe aja amuitanira apolisi.

"Tsekani, alamu," anatero achemwali. "Lole ndi mfuti musunge."

Kwa milungu ingapo nkhani ya gemu sinatchulidwe. Achemwali ankapita kuntchito, kubwera, kuphika, kuona homuweki ya mapasa. Ndi amuna awo ankalankhulana za sopo ndi mchere basi. Achibale a kuchimuna anasiya kuwaimbira foni. Ine ndinkayesa zatha.

Amene anayambitsanso ndi Magalasi. Anafika pashopu masana ena laputopu yake yokalamba ili kukhwapa, n'kuima pakhomo nthawi yaitali ngati wodzapempha ntchito. Anati gemu ya mayi wa mazira ikadali mu laputopumo mmene inalili akuba asanalowe, poti anaiyambira mmenemo, ndipo palibe angaitsekere m'chipinda. Anatinso ku holo kuja anayenera kulankhula, koma anachita mantha. Achemwali sanamuuze kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kanalipo. Anangomufunsa ngati angathe kumva mawu akuti ayi osakwinya nkhope. Iye anati ayesa.

Burashi anavuta. Anamupeza ali pamakwerero akulemba chikwangwani cha butchala, ndipo anayankha ali komweko osatsika.

"Mayi, ine ndinatsata inu, osati bambo aja. Inu munationerera akutisandutsa antchito awo."

Mawu amenewo anawalasa, poti anali oona. Anabwerako chimanjamanja, anapitanso, anabwerakonso chimodzimodzi. Potsiriza Burashi anatsika pamakwerero n'kunena kuti abwera, koma munthu akadzangotchula lole iye wapita.

Ankakumana mu saluni yanga Lamlungu masana, nthawi imene sinditsegula, laputopu ili pakati pa zipeso ndi mabotolo a mafuta. Magetsi akazima ankakambirana zoti achite sabata ya mawa. Achemwali anadulanso ntchito. Gawo lachitatu analichotsa, ati anthu atopa, bola magawo awiri otha bwino. Magalasi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Gemuyo inatuluka patapita miyezi, popanda holo, popanda suti. Sindinama kuti inagwedeza dziko. Anaiika m'mafoni mwawo anthu mazana angapo, ambiri mwa iwo makasitomala anga, anzawo a mapasa a kusukulu, ndi ena osawadziwa amene analemba kuti galu wa m'gawo lachiwiri amathamanga mopanda chilungamo. Pa mafoni akale imachedwa. Koma imayamba, imatha, ndipo ukafika tsidya lina ndi mazira onse umamva mapewa akumasuka. Kumapeto kwake kumatuluka maina atatu, opanda maudindo.

Bambo a mapasa anadzapepesa patapita nthawi, kukhitchini, achemwali akutsuka mbale. Anandiuza okha achemwali. Ndinafunsa kuti munawayankha chiyani. "Ndinati ndamva." Akukhala bwino tsopano, mmene ndikuonera, ngakhale pali nkhani zina zimene achemwali sawauzanso zisanapse.

Chaka chathachi mwana wamkazi wa a Masomphenya anakwatiwa. Ndani anapemphedwa kuti alongosole za chakudya, mipando, magalimoto ndi alendo? Achemwali, osadziwa kuyang'anira ntchito aja. Ine ndinati akane. Iwo anati mwanayo sanawalakwire. Ine anandikhazika tebulo la kumapeto, pafupi ndi sipika, poti mpaka lero sindinapepese ndipo sindidzapepesa.

Nthawi ya zolankhula, bambo a mkwatibwi anatenga maikolofoni. Anayamikira mkamwini, anatchula malole awo, kenako anauza akuchimuna kuti alowa m'banja la anthu a luso. "Mwina ena mwa inu muli ndi gemu ya mazira ija m'mafoni mwanu. Inakulira mu ofesi mwanga imene ija. Ndine ndinawauza kuti chinsinsi ndi kuyamba ndi zazing'ono." Anthu anawomba m'manja.

Ndinakankha mpando n'kuthamangira kukhitchini. Ndinawapeza achemwali atavala epuloni pamwamba pa diresi lawo latsopano, akulozera operekera chakudya kopita, nthunzi ili tolo.

"Mwamva? Mwamva zimene akunena uko?"

"Sipika ikufika mpaka kuno."

"Ndiye mungokhala chete?"

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nsagwada zawo zalimba. Sikuti sizinawakhudze. Anapumira m'mwamba kamodzi.

"Ukakuwanso lero, amene alire ndi mkwatibwi," anatero. "Tenga mbale izi, a tebulo la pakona aja sanadye."

Ndinazitenga. Ndinadutsa nazo kutsogolo kwenikweni kwa tebulo la akuluakulu, pang'onopang'ono, ndikuwayang'ana a Masomphenya m'maso mpaka anayang'ana kumbali n'kuyamba kukonza tayi. Mbalezo ndinakazitula mwamphamvu moti msuzi unatayikira pansalu, ndipo anthu osalakwa a pakonawo anandidabwa.